Neal Ascherson, mtolankhani amene anatsata ndalama za mfumu Leopold

Mu 1963, patangopita zaka ziwiri Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, ataphedwa, dzikolo lidakali pa chipwirikiti, mtolankhani wachinyamata wa nyuzipepala ya The Observer ku London anatulutsa buku lotchedwa The King Incorporated. Dzina lake ndi Neal Ascherson, wobadwira ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, mu 1932. Atakhalako msilikali ku Malaya, anakaphunzira mbiri yakale ku Cambridge, kumene mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Eric Hobsbawm, katswiri wotchuka wa mbiri yakale. Akanatha kukhala mphunzitsi wa pa yunivesite, koma anasankha utolankhani.

Bukuli limakamba za mfumu Leopold II ya ku Belgium. Kuyambira 1885, utatha msonkhano wa ku Berlin wokambirana za kagawanidwe ka Africa pakati pa mayiko a ku Ulaya, mpaka 1908, Congo silinali m'manja mwa boma la Belgium. Linali chuma cha mfumuyo payokha, ngakhale kuti iyo sinapondemo phazi n'kamodzi komwe. Midzi inkalamulidwa kuchuluka kwa mphira woti ipereke, ndipo ikalephera asilikali a Force Publique, gulu lankhondo la mfumuyo, ankagwira akazi, kuwotcha nyumba, ena mpaka kuwadula manja.

Chimene ndimachilemekeza mwa Ascherson n'chakuti sanakhutire ndi kunena kuti Leopold anali wankhanza. Anamufufuza monga mmene mtolankhani amafufuzira mkulu wa kampani: ngongole anaitenga kuti, ndi makampani ati anapatsidwa nkhalango zoti adyerepo, masheya a mfumu anali angati, phindu linkathera m'thumba la yani. Ukatsata ndalama motere umaona kuti nkhanzazo sizinali misala ya asilikali ochepa. Zinali mbali ya bizinesi. Ine monga mphunzitsi wa mbiri yakale ndimaona kuti ophunzira amamvetsa bwino utsamunda akauona m'mabuku a ndalama kusiyana n'kungouzidwa mayina a abwanamkubwa.

Kenako ntchito inamutengera Ascherson ku Germany ndi kum'mawa kwa Ulaya. Ogwira ntchito pa doko lopangira zombo ku Gdańsk, ku Poland, atanyanyala ntchito mu 1980 motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, Ascherson analemba The Polish August, lomwe linatuluka mu 1981. Black Sea, lofotokoza za mitundu ya anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya dzinali, linabwera mu 1995.

Za kwawo sanaziiwale. Mu 1999, Scotland itapezanso nyumba yake ya malamulo patapita zaka pafupifupi 300, anaima nawo pa chisankho m'chipani cha Liberal Democrats koma sanapambane. Maganizo ake pa dziko lakelo ali m'buku la Stone Voices la 2002.

Anthu ambiri lero nkhani ya Leopold amaidziwira m'buku la Adam Hochschild la 1998. La Ascherson linatsogola ndi zaka 35, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi ochepa kuno ku Africa amene analiwerengapo.