Lamulo losamuka madzi akamasefukira mumzinda: mayankho a mafunso anu

Ofesi yathu yoona za ngozi zadzidzidzi yalandira madandaulo ambiri pa momwe timasamutsira anthu. Pano tayankha omwe akubwera mobwerezabwereza.

Lamuloli limakhudza ndani?

Aliyense wokhala m'dera lomwe latchulidwa m'chenjezo.

Mumatisamutsiranji madzi asanafike n'komwe?

Mumzinda madzi salowa m'nthaka chifukwa cha phula ndi simenti. Onse amathamangira m'ngalande, ndipo ngalandezo zikadzaza kapena kutsekeka ndi zinyalala, msewu umasanduka mtsinje. Msewu womwewo ndi umene ambulansi ndi ozimitsa moto amadutsamo pobwera kwa inu. Ku Valencia, m'dziko la Spain, mu 2024, chenjezo linafika pa mafoni madzi atalowa kale m'misewu, ndipo anthu oposa 200 anamwalira, ena ali m'magalaja kuyesa kutulutsa galimoto zawo. Tikuvomereza kuti nthawi zina tidzakusamutsani madziwo osabwera.

Bwanji mumatseka msewu madzi ali ochepa?

Madzi othamanga akuya masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono.

Mumayamba kunyamula ndani? Nanga ena amatsala bwanji?

Funso ili ndi lomwe latipweteka kwambiri. Timayambira odwala, okalamba, aulumali, amayi oyembekezera ndi ana, kenako mabanja opanda galimoto. Phunziro limeneli linachokera ku New Orleans, mzinda wa ku America, mu 2005, pomwe namondwe Katrina anapeza anthu ambiri osowa mayendedwe atatsakamira mumzinda. Komabe kukhala m'gulu loyamba si lonjezo lakuti tifika kwanu poyamba. Zimatengera njira yomwe ikudutsika pa ola limenelo, kuchuluka kwa maboti, komanso ngati dzina lanu lili m'kaundula wathu. Ochita lendi ndi osamukira kumene nthawi zambiri sapezekamo, ndipo vuto limeneli sitinathane nalo. Si kukondera ayi, ngakhale tikumvetsa kuti kwa munthu amene wadikira padenga usiku wonse zimaoneka choncho. Chonde lembetsani mvula isanayambe.

Katundu wanga akabedwa nditasamuka, mudzandilipira?

Lamulo losamuka palokha silipereka chipukutamisozi. Thandizo lililonse limadalira kafukufuku wa zomwe zaonongeka ndi ndalama zomwe zapezeka, choncho sitinganeneretu. Timapempha apolisi kuti azilondera madera osamutsidwa pomwe msewu ukudutsika.

Nditenge chiyani?

Chiphaso, mankhwala omwe mumamwa, foni ndi tochi, zonse m'pulasitiki yomanga bwino. Musanatuluke, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu ngati pamalopo ndi pouma.