Simu ziwiri za anthu a m'malire a Angónia

Tsiku la msika pa Lizulu, mukagula kachewere kwa mayi wochokera mbali ya Mozambique n'kuwapempha nambala ya foni, ayamba akufunsani kuti, "Mukufuna iti achimwene, ya Malawi kapena ya kwathu?" Foni yawo ndi kakang'ono ka mabatani kolowa simu ziwiri, ndipo mwina yachitatu aimata ndi selotepi kuseri kwa batire. Alendo amayesa ndi ukathyali. Chizolowezichi chili ndi mbiri yake.

Malire a kuno anawalemba ndi Angelezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire mwenimwenimo, tsidya ili Malawi, tsidya linalo chigawo cha Tete. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga ku Mozambique anathawira kwa abale awo ku Malawi, n'kubwerera mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Anabwerera ali ndi apongozi, anzawo a malonda ndi ana ophunzira sukulu tsidya lija. Chaka chomwecho boma ku Maputo linakhazikitsa INCM, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mtokoma. La ku Malawi, MACRA, linadza ndi lamulo la 1998.

Koma mafoni a m'manja sanafulumire kufika kumudzi. Ku Mozambique kampani ya Mcel inayamba mu 1997, ya Vodacom mu 2003, ndipo zonsezi zinayambira m'mizinda ndi m'misewu ikuluikulu. Pomwepo nsanja za TNM ndi Celtel, yomwe lero ndi Airtel, zinkatsata M1, ndipo netiweki sifunsa chiphaso pachipata cha m'malire cha Calómuè. Munthu wa m'mudzi wa m'malire ankangokwera pachulu, foni m'mwamba, n'kuimbira m'bale wake ku Lilongwe ndi mayunitsi ogula pa kwacha. Ambiri nambala yawo yoyamba inali ya +265, osati +258.

Amene anasintha zinthu ndi a Movitel, kampani yomwe gawo lalikulu ndi la Viettel ya ku Vietnam. Anayamba mu 2012, ndipo m'malo molimbirana anthu a m'tauni anadzika mapolo ndi kukoka mawaya mpaka m'maboma akutali. Apa ndiye simu ya Mozambique inapeza ntchito. Ya Malawi sinatayidwe, poti wogula mbatata ndi chimanga akadali wa tsidya lija, ndipo ndalama zake zimabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, pamene za mwana wogwira ntchito ku Moatize zimabwera pa e-Mola kapena M-Pesa.

Kale simu unkagula ngati tomato, osafunsidwa dzina. Zimenezo zinatha chifukwa cha buledi. Pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 anthu ku Maputo ndi Matola anachita zipolowe pokwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, madzi ndi magetsi, ndipo ankamemana pa mauthenga a pafoni. Anthu oposa khumi anafa. Mauthengawo anatsekedwa kwa masiku angapo, ndipo mwezi womwewo boma linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mlimi wa ku Ulónguè m'boma la Angónia, amene za buledi wa ku Maputo sizinkamukhudza n'komwe, anayamba kufunsidwa BI, chitupa cha unzika cha ku Mozambique, pogula simu. Lamuloli analilimbitsanso mu 2015, ndipo Malawi anatsatira mu 2018, atamaliza kugawa zitupa za unzika.

Maboma amati kulembetsaku n'koteteza anthu kwa akamberembere oba ndalama pafoni, ndipo akuba oterewo alipodi. Koma ine ndimaona kuti kuno kunabala chinthu china. Wopanda chitupa cha dziko linalo amapempha msuweni wake kuti amulembetsere. Ndiye nambala ya agogo ili m'dzina la mdzukulu wa ku Dedza, ndipo tsiku lomwe simuyo yatayika, ndalama zili momwemo, mpaka mdzukuluyo apezeke.

Mu 2024 anthu anaona bwino kuti chingwe chagwiridwa kuti. M'mwezi wa Meyi INCM inaika mitengo yatsopano yomwe inathetsa mabandulo opanda malire, ophunzira anaguba ku Maputo, boma n'kuimitsa mitengoyo. Kenaka chitatha chisankho cha pa 9 Okotobala, otsatira Venâncio Mondlane, yemwe anapikisana nawo pa upulezidenti, atayamba zionetsero, intaneti ya m'mafoni inadulidwa pa 25 Okotobala, ndipo masiku otsatira Facebook ndi WhatsApp zinkatsekedwa. Wa mumzinda wa Tete analibe kolowera. Koma zotsekedwa ku Maputo zimathera pa nsanja za Mozambique. Wa m'mphepete mwa M1 anangofunika kutsegula kuseri kwa foni n'kumatula selotepi ija.