Njanji ilipo, nanga sitima ya kunyanja ili kuti?

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, msewu wa M14 umadzaza dzuwa lisanakwere. Makosita obwerekedwa ndi amayi a mvano, mabasi a ana a sukulu, masiyenta ndi magalimoto a eniake, onse amakhala akutsetsereka zitunda za ku Dowa, kudutsa pa Chezi, ulendo wa ku Senga Bay. Pobwerera madzulo m'pamene pamakhala ntchito: anthu atopa, ena alawako, mdima wagwa, msewu ndi wokhotakhota. Nyengo imeneyi ndi imene funso lakale limadzukanso mu Lilongwe muno. Njanji yopita ku Salima ilipo, tonse timaiona ku Kanengo. Bwanji pasakhale sitima yonyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerako Lamulungu madzulo, makamaka m'miyezi yotentha?

Si funso lopusa ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo gombe lawo lapafupi ndi la ku Salima. Koma kuti timvetse chimene sitimayo kulibe, tiyenera kuyamba taona kuti njanjiyi anaimangira ndani.

Njanji yoyamba m'dziko muno inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Inamangidwa chifukwa madzi a mu Shire anali ataphwera moti sitima za pamadzi zinkatitimira mu mchenga, katundu wa azungu a minda ya tiyi, thonje ndi fodya n'kumakhalitsa padoko. Pambuyo pake inatalikitsidwa kufika pa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ina yochokera cha ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo. Kwa zaka zoposa khumi katundu ankatsitsidwa, kuoloka pa madzi, n'kupakiridwanso, mpaka mu 1935 pamene mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa. Ngongole za njanji zimenezi zinalemera pa boma la Nyasaland kwa nthawi yaitali, ndipo boma la atsamunda ndalama zake linkazipeza pa msonkho wa makolo athu, amene ambiri a iwo sitimayo ankangoimvera kulira kwake patali.

Chaka chomwecho cha 1935 njanji inatuluka mu Blantyre kulowera kumpoto, kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka, n'kukaima pa Salima. Apa m'pamene Lilongwe akulowera m'nkhaniyi. Kuyambira m'ma 1920 chigwa cha Lilongwe chinali chitasanduka munda wa fodya wa chikopa, ndipo mtedza nawo unkachita bwino. Mabelo ankatsika zitunda pa malole kukakwera sitima ku Salima. Kwa zaka 44 Salima anali mathero a njanji ndiponso khomo la chigawo chapakati. Msewu womwe lero timati ndi wopita kokasambira, poyamba unali msewu wa fodya.

Pa Chipoka pokha m'pamene njanji imakhudzadi nyanja. Doko lija linakhazikitsidwa kuti katundu azichoka m'mabogi n'kulowa m'sitima za pamadzi zopita ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi kumtunda kwake. Ngakhale Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji yomweyi, n'kukalumikizidwa ku Monkey Bay isanayambe maulendo ake mu 1951. Masiku amenewo kampani ya njanji ndiyo inkayendetsanso sitima za panyanja, choncho munthu ankatha kukwera ku Limbe, kutsika pa Chipoka, n'kupitiriza ulendo pamadzi. Umenewo unali ulendo wa anthu opita kwawo, ochokera ku ntchito ndi masutukesi awo, osati opita kokapumula. Ku Senga Bay kunali hotela yotchedwa Grand Beach, imene lero ndi Sunbird Livingstonia, koma palibe anamanga nthambi ya njanji yolowera kumeneko. Makilomita pafupifupi 20 a pakati pa siteshoni ya Salima ndi mchengawo anatsala osalumikizidwa, ndipo mpaka lero ali choncho.

Pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkafuna kuti mzinda watsopanowu ukhale ndi njanji yake. Ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inakwera zitunda kuchokera ku Salima n'kufika mu 1979, ndipo mu 1980 inapitirira mpaka ku Mchinji. Koma taonani pamene anaiimika. Sanaibweretse ku Old Town, pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi, kapena ku City Centre. Anaiika ku Kanengo, dera limene okonza mapulani a mzinda analipatulira mafakitale, okushoni ya fodya, nkhokwe za chimanga ndi matanki a mafuta. Cholinga chinali choonekeratu: feteleza, mafuta ndi simenti zizilowa, fodya ndi mtedza zizituluka. Anthu ankakwera, inde, koma ankakwera pa njanji ya katundu.

Tsoka lake, njanji yatsopanoyi sinadyerere nthawi yaitali. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inakula, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala imene inalumikizidwa mu 1970 kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, zinali zitatsekeka. Mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. Katundu wa dziko anasamukira pa mathiraki opita ku Durban ndi Dar es Salaam, ndipo Malawi Railways inatsala ndi njanji yopanda kolowera. Mtendere unabwera mu 1992, koma amalonda anali atazolowera msewu. Kenako kunadza maminibasi ambirimbiri a m'zaka za matipati ambiri, otsika ndi kukwera paliponse, ndipo munthu wa ku Salima analibenso chifukwa chodikira sitima.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Sitima za panyanja zinapatulidwa kukhala kampani ina. Mu 1999 njanji inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa, ndipo kunyamula anthu kunasanduka ntchito imene boma liyenera kuthirapo ndalama chifukwa payokha sibweza. Mu 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa Rivirivi cha ku Balaka, Lilongwe n'kudukana ndi kummwera kwa nthawi yaitali. Ndalama zazikulu zimene zinabwera pambuyo pake zinali za kampani ya Vale ya ku Brazil, zofuna kudutsitsa malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, ndipo zinatsata mzere wodutsa pa Nkaya, osati wokwera kuno. N'chifukwa chake mu Julayi 2024, sitima yonyamula mafuta itafika ku Kanengo patadutsa zaka 21, inalandiridwa ndi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, mwini wake. Kufika kwa sitima ku likulu la dziko kunali nkhani ya pa wailesi.

Sitima ya anthu imene yapirira ndi ya kummwera, ya pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Ndipo m'pofunika kuona amene amaikwera: mavenda, alimi okhala ndi matumba a mpunga ndi madengu a tomato, anthu a m'midzi imene msewu wakhala wovuta kwa zaka zambiri. Kumeneko sitima imayenda pang'onopang'ono koma imadzaza, chifukwa ilibe wopikisana naye weniweni. Pakati pa Lilongwe ndi Salima pali phula, ndipo galimoto imafika pasanathe maola awiri.

Tsono tiwerengetsere bwinobwino za sitima ya Loweruka ija. Masiku amene Senga Bay amasefukira ndi anthu ndi odziwika: Anakubala, Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, masiku a zoimbaimba monga Sand Music Festival ikachitikira kumeneko, ndi Loweruka la miyezi yotentha kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Mu Juni ndi Julayi mwera umaomba, madzi amazizira, gombe limakhala la asodzi okha. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimagwa m'dzinja, nthawi yomwe njanji imakokoloka ndipo oyendetsa amalamulidwa kuchepetsa liwiro. Ndiye nyengo yodalirika ndi yaifupi, pamene mabogi, injini, antchito ndi inshuwalansi zimadya ndalama chaka chonse. Bogi yoima Lolemba mpaka Lachisanu imafunabe mlonda ndi makaniko.

Palinso za njanji yeniyeniyo. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Kutsika konseko kumachitika pa mtunda waufupi, choncho njanji imakhota kwambiri ndipo sitima singathamange. Mzere wake ndi umodzi, kutanthauza kuti sitima ziwiri zimapatukirana pa malo oikika okha, ndipo yonyamula mafuta kapena feteleza, imene imalipira zokonzera njanjiyo, siingauzidwe kuti idikire anthu opita kosambira. Onjezanipo akuba zitsulo za njanji ndi olima m'mphepete mwake, amene amachititsa kuti kuyendera mzerewo kukhale ntchito ya tsiku ndi tsiku. Sitima ya katundu ikagwa, timadandaula za katundu. Ya anthu mazana angapo imafuna njanji yosamalidwa mwa mtundu wina, ndipo walira mvula walira matope.

Koma chimene ine ndimaona kuti n'chopinga chachikulu ndi nsonga ziwiri zija za ulendowu, ya ku Kanengo ndi ya ku Salima. Tengani banja la anthu asanu la ku Area 23, Kawale kapena Chinsapo. Likwere minibasi kupita m'tauni, ina kupita ku Kanengo, ligule matikiti a sitima, litsike pa Salima, kenako lifunenso matola kapena kabaza wa njinga yamoto kuti likafike ku Senga Bay, uku litanyamula mapoto a mpunga, nkhuku yokazinga ndi ana. Madzulo libwerezenso zonsezo. Pomwe kosita yobwereka imawatenga pakhomo pa tchalitchi n'kukawatula pa mchenga penipeni, ndipo imadikira mpaka wotsiriza atavala. Munthu amene ali ndi galimoto yake sangaisiye, amene alibe ndiye amawerenga kwacha iliyonse. Sitimayo ingatsale ndi ndani?

Kumaiko kumene sitima zotere zimayenda, pali chimene chimazichirikiza. Ku America kuli CapeFLYER, imene inayamba mu 2013, yoyenda kumathero a sabata m'chilimwe chokha kuchokera ku Boston kupita ku Hyannis ku Cape Cod. Imayendera mabogi a sitima zonyamula anthu opita ku ntchito mkati mwa sabata, amene Loweruka amakhala alibe chochita. Imanyamukira pakati pa mzinda, imakaima m'tauni ya kugombe momwemo, ndipo oyenda pa galimoto amakhala akupanikizana pa milatho iwiri yokha yolowera kumeneko. Zitatu zonsezi kuno kulibe. Mabogi a anthu amene tili nawo ali kummwera, ndipo kuwabweretsa kuno n'kulanda anthu a ku Nayuchi, amene kwa iwo sitima si zosangalatsa koma njira yopitira ku msika ndi kuchipatala.

Sindikunena kuti ofuna sitimayi alibe mfundo. Ngozi za pa msewu m'masiku a tchuthi n'zoona, ndipo woyendetsa sitima sakhala atachokera ku mowa wa pagombe. Mafuta akasowa, monga takhala tikuonera, injini imodzi ingathe kunyamula anthu amene akanafuna makosita ambiri. Komanso mu Lilongwe muli ana ndi achinyamata ochuluka amene sanakwerepo sitima chibadwire, moti ambiri angalipire chifukwa cha ulendowo pawokha, kuona zitunda pa zenera, nyanja n'kungokhala chowonjezera. Msika umenewo ulipo, koma ndi wa masiku owerengeka pa chaka, osati wa Loweruka lililonse.

Chimene chingatheke, njanji itakhala kuti yatsimikizika kuti ndi yabwino kunyamula anthu, ndi sitima yapadera ya masiku ngati Anakubala ndi Pasaka: matikiti ogulitsiratu kudzera m'mipingo, m'sukulu ndi m'makampani, mtengo wake utaphatikiza kale basi yodikira pa Salima. Ikapanda kudzaza, isanyamuke. Ena amati bwanji ingopitirira mpaka ku Chipoka, kumene munthu angatsike n'kuona madzi pomwepo, koma Chipoka ndi doko la katundu ndi asodzi, ndipo mahotela ndi malo ogona ambiri ali ku Senga Bay. Sitima ya sabata ndi sabata ingakhale ndi phazi pokhapokha itayamba yapeza okwera a mkati mwa sabata, ogulitsa usipa, mpunga ndi mango a ku Salima obwera nazo ku misika ya mu Lilongwe, kuti a Loweruka azingokwera pa msana pawo. Ndipo popeza kampani yoyendetsa njanji phindu lake lili pa katundu, woyenera kuvomera kulipira chotsalacho ndi boma, kudzera ku unduna wa za mtengatenga ku Capital Hill, mu bajeti yomweyo imene misewu ya m'maboma ikudikira phula.