Filimu ikasiyana ndi buku, si kuti opanga sanawerenge

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva oonera akudandaula kuti opanga filimu ya zamatsenga sanawerenge buku limene anatengamo nkhaniyo, chifukwa choti chinjoka chimene iwo ankachikonda sichinaonekemo. Maganizo amenewa ndi olakwika. Tsamba limodzi la nkhani yolembedwera filimu limatenga pafupifupi mphindi imodzi poonera, choncho filimu ya maola 2 imalembedwa pa masamba pafupifupi 120, pamene bukulo lingakhale ndi masamba 500. Kudula n'kosapeweka, ngakhale kuti nthawi zina amaduladi mbali yofunika. Musanafalitse dandaulo limene mwangolimva kwa ena, tsegulani bukulo pa mutu umene ukunenedwawo, muuyerekezere nokha ndi zimene mwaona mufilimumo.