Kukhumudwa pa nthawi ya pathupi ndi matenda, ndipo amachizika

Kusikelo anamwino amayeza thupi, magazi ndi mmene mwana wagonera. Zimene zili mumtima mwanu sangazidziwe mukapanda kunena.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati m'maiko osauka amayi oyembekezera pafupifupi 16 pa 100 alionse amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa. Ambiri timangoti "akuganiza kwambiri" kapena "ndi mimbayo", basi n'kumusiya.

Kutopa ndi kusinthasintha kwa mtima si zachilendo ayi kwa mayi wapakati. Koma zikakwana sabata ziwiri mukungolira, tulo osabwera, nsima ikuzizira m'mbale, ngakhale kusamba kapena kucheza ndi anzanu kuchitsime osakufunanso, amenewo ndi matenda. Si ulesi, ndipo si kulodzedwa.

Nthawi zambiri gwero lake ndi zimene mayi wasenza m'maganizo. Amene anapitapo padera kapena kubereka mwana wakufa amakhala ndi mantha tsiku lililonse; mwana akangokhala phee m'mimba kwa kanthawi, mtima uli phaa. Mtsikana amene mimba yabwera asakuyembekezera, mwamuna n'kuikana, sukulu n'kuima, amadziimba mlandu ndi kudziona wopanda pake. Wina wamva kusikelo komweko kuti ali ndi HIV ndipo akusowa poyambira kuwauza bambo akunyumba. Kumenyedwa, kunyozedwa ndi kusowa womukhuthulira zakukhosi kumawonjezera moto. Amene anadwalapo matendawa kale angathe kuwayambanso.

Akalekereredwa, mayi amaleka kudya bwino, amajomba kusikelo, ena amasiya ma ARV, ndipo mwana angabadwe masiku asanakwane kapena wochepa thupi.

Kuyambira 2016, WHO imalimbikitsa kuonana ndi achipatala kasanu ndi katatu musanabereke. Paulendo uliwonse mungathe kunena kuti, "Anamwino, maganizo akundisowetsa mtendere." Ambiri amapeza bwino ndi uphungu wokha. Ena amafunika mankhwala, koma musayambe kapena kusiya mankhwala alionse popanda dokotala. Chipatala chanu chingakutumizeni kwa akatswiri, monga ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Abambo, apongozi ndi achemwali, mumvetsereni osamudula mawu, mulandireni ndowa ndi khasu, mumperekeze kusikelo. Ngati pali nkhanza, kanenani ku Victim Support Unit kupolisi.

Mayi akanena zofuna kudzipha, musamusiye yekha. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.