Prima facie, ex parte ndi mawu ena osokoneza a kukhoti

Malamulo athu anachokera ku England atasenza zilankhulo ziwiri: Chilatini cha alembi akale, ndi Chifalansa chomwe chinalowa m'makhoti a dzikolo William wa ku Normandy atalilanda mu 1066. Kumasulira mawu otere liwu ndi liwu sikukwanira. Chofunika n'kudziwa chomwe chikutsatira pa mlanduwo.

Mawu omwe amaliritsa anthu pachabe ndi prima facie, kutanthauza "pakuona koyamba". Boma likamaliza kuitana mboni zake, khoti limaunika ngati umboniwo ukukwana kuti woimbidwa mlandu adziteteze. Likati ukukwana, abale ena amayamba kubuma pakhonde la khoti ngati munthu wagamulidwa kale. Ayi ndithu. Wangopezeka ndi mlandu woyankha, ndipo atapereka mbali yake akhoza kupezeka wosalakwa. Umboni ukaperewera, amamasulidwa pomwepo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ex parte ndi "kuchokera kumbali imodzi". Munthu amathamangira kwa jaji kukatenga chiletso mnzake asakudziwa, poopa kuti akadikira nyumba igwetsedwa kapena ndalama zichotsedwa kubanki. Chiletso chotere n'chongogwirizira mpaka mbali zonse zitamvedwa, zomwe amati inter partes. Mbuna ili apa: wopemphayo ayenera kuulula zonse, ngakhale zomuipira iye mwini, poti mnzakeyo palibe. Zikadziwika kuti anabisa, khoti likhoza kuchotsa chiletsocho.

Sine die ndi "popanda tsiku". Mlandu sunathe, angouimitsa osatchula tsiku lodzaupitiriza.

Pa Chifalansa samalani ndi dikishonale wa masiku ano. Adzakuuzani kuti voir ndi "kuona", koma mu voir dire liwulo ndi lakalekale, lochokera ku Chilatini verum, ndipo zonse pamodzi ndi "kunena zoona". Ndi kafukufuku wa mkati mwa mlandu, monga pamene woweruza amafunsa mwana wamng'ono mafunso kuti aone ngati akuzindikira kusiyana kwa bodza ndi zoona asanapereke umboni.

Force majeure, "mphamvu yoposa", ndi ndime ya m'makontrakiti yonena za zochitika zosapeweka zomwe zingalepheretse munthu kukwaniritsa pangano. Ambiri amayesa kuti vuto lililonse lalikulu limawamasula pa zomwe anasainira. Khoti limawerenga ndime yomwe munalembayo. Ngati yatchula kusefukira kwa madzi, nkhondo ndi mliri, kukwera mtengo kwa simenti kokha nthawi zambiri sikungakupulumutseni. Onaninso masiku omwe ndimeyo yapereka oti mudziwitse mnzanu polemba kalata, chifukwa mukachedwa mukhoza kutaya mwayi woigwiritsa ntchito.