Si chifuwa chabe, werengani kapumidwe ka mwana

"Ndi chifuwa chabe adokotala, chayamba ndi kuzizira kwa Juniku." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri m'chipinda cha ana kuno ku Kasungu, ndipo kunena zoona ndatopa nawo. Mayi akamayankhula choncho, ine maso amakhala ali pa mwana amene wangotsitsidwa kumsana: pansi pa nthiti pakulowa m'kati, mphuno zikutukumuka, bere akuligwira n'kulisiya chifukwa sangathe kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Chimenecho ndi chibayo. Tizilombo tatsikira m'mapapo, timipaipi ta mpweya tatupa, timatumba ta mpweya tadzaza madzi ndi mafinya, ndiye mwana akupuma mothamanga kuti apezeko pang'ono.

Anthu amamvetsera kutsokomola. Mwana akatsokomola kwambiri amati wadwala, akachepetsa amati akuchira, pamene mwina wangofooka. Chimene ife timayang'ana ndi kapumidwe, ndipo inunso mungathe kukawerenga kunyumba ndi wotchi ya pafoni. Dikirani mwana akhale phee, mumuvule malaya, muwerenge kukwera kwa mimba kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika ka 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, nyamukani tsiku lomwelo, kaya kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kaya kuchipatala. Koma ngati pansi pa nthiti pakulowa, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena sakudzuka bwinobwino, pezani kabaza ngakhale uli usiku.

Pali mwana mmodzi amene sandichoka m'mutu. Anali wa miyezi 7, wonenepa bwino, wochokera mudzi wina kupitirira Chamama. Mayi ake anazindikira Lachiwiri kuti kapumidwe kasintha, ndipo anawauza bambo a mwanayo. Inali nyengo yodinda mabelo a fodya, ndalama ya ulendo panalibe, bambowo anati tidikire kaye. Anagula makapusozi pagolosale, mayi n'kumatsegula n'kusungunula ufa wake m'supuni. Lachinayi agogo anapita naye kwa munthu wina amene anamutema mphini pachifuwa ndi m'nthiti n'kupakamo mankhwala akuda. Anatifikira Loweruka usiku, milomo itatuwa, akubuula pa mpweya uliwonse. Kachipangizo kopanira chala kanaonetsa kuti mpweya m'magazi watsika kwambiri, pansi pa 90 pamene ife timayamba kuda nkhawa.

Nditatenga timachubu ta okosijeni, agogo aja anandigwira dzanja. "Ayi adokotala, zimenezo musamuike. Mwana wa mnansi wathu anamuika zomwezo, sanabwerere." Ndinakhala nawo pansi, ndinawachonderera, anamwino nawonso anayesetsa. Mayi wa mwana anali kungolira, chifukwa pamaso pa apongozi ake analibe mawu. Agogo aja anavomera kunja kukucha. Mwana anatisiya dzuwa lisanakwere.

Mpaka lero sindiwada agogo aja, mdzukulu wawo ankamukonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti Lachiwiri lija mwanayu akanachira ndi mapiritsi a amoxicillin osungunula m'madzi, amene boma limapereka ulere. Ndipo mphekesera ya okosijeniyi ikutithera ana. Makina a okosijeni amangokoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kusefa mbali imene thupi limafuna. Ana amene amamwalira ali pa okosijeni nthawi zambiri ndi amene anabwera mochedwa, ndipo ambiri amene tinawaika msanga lero akuthamanga kusukulu.

Za makapusozi apagolosale ndi Bactrim wogula awiriawiri pamsika ndinenenso. Mlingo wa mankhwala a mwana timawerengera msinkhu ndi kulemera kwake, wogulitsa sopo ndi shuga sangaudziwe. Komanso si chifuwa chilichonse chimamva mankhwala amenewa. Makanda ambiri amagwidwa ndi kachilombo ka RSV, kamene kamatupitsa timipaipi tating'ono kwambiri, chifuwa n'kumalira ngati likhweru. Pamenepo chothandiza ndi kuyamwitsa pafupipafupi, kutsuka mphuno, ndi okosijeni ngati mpweya watsika. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito yathu. Tikakupatsani mankhwala, mumalize masiku onse amene mwauzidwa, musasungire mng'ono wake otsalawo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 chibayo chinapha ana osakwana zaka 5 oposa 740,000. Kuno ku Malawi katemera wa chibayo, PCV13, anayamba kuperekedwa mu Novembala 2011, ndipo mwana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Tsegulani buku la kusikelo muone ngati katatu konse kanalembedwa. Katemerayu sateteza ku tizilombo tonse, n'chifukwa chake ndimadandaulanso ndikaona khanda lili kumsana m'khitchini ya utsi wa nkhuni yopanda zenera, kapena likugona m'nyumba yomwe asungiramo fodya.

Akuluakulu, makamaka inu abambo, ndinu ovuta koposa. Mumabwera mutagwira m'nthiti, mukuti mukumva kubaya mukamapuma, thupi likutentha, makhololo achikasu kapena ofiirira, koma mwatha sabata mukumwa Panado n'kumapita kumunda. Agogo okalamba nthawi zina satentha n'komwe thupi, amangoyamba kusokonezeka mutu ndi kukana nsima, achibale n'kumati ndi ukalamba kapena awalodza. Chibayo chimawatenga anthu otere m'masiku ochepa, chimodzimodzi amene ali ndi HIV koma anasiya ma ARV, a matenda a shuga, ndi osuta fodya. Ndipo chifuwa chikapitirira masabata 2, kuonda ndi thukuta la usiku zikuonjezerapo, tikufuna makhololo anu tiwayeze chifuwa chachikulu. Kuyezako n'kwaulere, mankhwala akenso ngaulere, ndipo pamene mukuzengereza mukutsokomolera ana amene mumagona nawo nyumba imodzi.